Ndani ali ndi buku la Mary Ainsworth la ku Uganda?

Moni nonse pagulu pano. Ndikulemba ntchito ya kusukulu yokhudza moyo wa Mary Ainsworth, katswiri amene anafufuza mmene khanda limamangira chikhulupiriro pa amayi ake, koma ndakakamira pa gawo la ku Uganda. Atagwira ntchito ndi John Bowlby, dokotala wa za maganizo, ku Tavistock Clinic ku London, mayiyu anafika ku Kampala mu 1954 n'kumayendera mabanja 26 m'midzi yapafupi. Zomwe anaona zili m'buku lake la 1967, Infancy in Uganda.

Bukulo ndalisaka mpaka kutopa. Ku laibulale kulibe, aphunzitsi anga alibenso. Pa intaneti ndamaliza bandulo ziwiri, koma zongotuluka ndi za Strange Situation, kafukufuku wake wina wa ku Baltimore ku America, pomwe mayi amasiya mwana m'chipinda ndi mlendo kwa mphindi zitatu.

Ine ndinakulira kumbuyo kwa agogo ndi azakhali, amayi ali kudimba, n'chifukwa chake ndikufunitsitsa kudziwa zomwe analemba za mwana woleredwa ndi anthu ambiri.

Ndili ku Zomba. Alipo amene ali nalo, ngakhale fotokope kapena PDF? Chonde ndithandizeni, ntchitoyi ikufunika Lachisanu likubwerali.