K28,000 ya NaPhiri yautsa mapiri pachigwa ku banki m'khonde

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse. Kwatsala masabata atatu kuti tigawane. Amene sanatseke ngongole ndi awa: NaPhiri K196,000, Amake Junior K45,000, Achimwene a Kabaza K30,000. Loweruka lino zibwere. Ndime 7 ya malamulo a gulu lathu mukuidziwa.

NaPhiri: K196,000 yachokera kuti amayi? Ine kwanga ndalemba K168,000.

Wapampando: Yachokera m'buku.

NaPhiri: Buku lake liti? Ndinatenga K300,000 mu Seputembala. Okutobala inafika K360,000, ndinapereka K160,000 pamkeka nonse mukuona, inatsala K200,000. Novembala ndiye K240,000, ndinatumiza K100,000 pa foni ya amsungichuma. Yotsala K140,000, kuikapo chiwongola dzanja ndi K168,000. Sukulu sindinapite nayo patali koma ndalama ndimawerenga tsiku lililonse.

Msungichuma: Munatumiza 8 koloko usiku. Bokosi tinatseka 4 koloko, makiyi atatu onse atabalalika. Ndikanailowetsa bwanji? Komanso nditakatapa Lolemba, m'manja mwanga munalowa K97,000. K3,000 inapita yotapira. Mumafuna ndiikepo ya m'thumba mwanga?

Mlembi: Tinachita chonchi. K240,000 inagona yonse, ndiye inabala n'kukhala K288,000. Kuchotsa K97,000 yatsala K191,000. Kuphatikiza K5,000 chindapusa chojomba.

NaPhiri: Ndiye ndalama ili m'foni mwa msungichuma wa gulu, ine n'kumailipirira chiwongola dzanja? K20,000 chifukwa cha maola anayi? Muope Mulungu amayi.

Amake Pilirani: Lero mwadziwa Mulungu.

NaPhiri: Sindikulankhula ndi inu.

Amake Pilirani: Koma ine ndikulankhula ndi inu. Mu 2022 ndinachedwa masiku awiri okha, mwana ali m'chipatala. Amene anatsogolera anthu kudzanyamula matiresi anga ndi mbaula ndani? Amene ankati malamulo alibe m'bale ndani? Chaona mnzako chapita, asisi.

NaPhiri: Matiresi munabwezeredwa.

Amake Pilirani: Atanyowa ndi mvula pakhonde pa amlembi. Mpaka lero amanunkha chuku.

Wapampando: Za 2022 zinatha, tinakambirana pamaso pa a mfumu. Tiyeni pa nkhani ya lero.

NaPhiri: Nkhani ya lero ndiyakuti sindinajombe dala. Ndinali ku Lizulu kukapepesa maliro. Bambo amene amandipatsa tomato mayi awo anatisiya Lachinayi. Munthu ameneyu amandikwezera madengu asanu ndi limodzi pa minibasi ine ndili kuno, osandifunsa ngakhale tambala, ndimamutumizira pa Mpamba ndikagulitsa. Tinangodziwana pamsika, si m'bale wanga. Ndiye agwe m'mavuto ine n'kukhala pansi kumawerenga masheya? Ndinanyamuka m'mamawa ndi shuga ndi nsalu, ndimati pofika 2 koloko ndikhala nditabwera. Pobwera minibasi inafera pa Chimbiya, dalaivala anapita kukasaka chitsulo ku Dedza, ife tili pamsewu mpaka dzuwa kupendeka. Foni inali itazima. Nditangofika pakhomo ndinaika pamoto n'kutumiza, ndisanamwe ndi madzi omwe. Funsani achimwene, ndi amene anandinyamula pa siteji.

Achimwene a Kabaza: Zoona, ndinawatenga kutada. Fumbi lokhalokha.

Amake Pilirani: Inuyo mungakane bwanji, si amene amakulembani maulendo tsiku ndi tsiku?

Achimwene a Kabaza: Amandilemba chifukwa katundu wawo ndimafikitsa wosaphwanyika ndipo chenji ndimabweza. Palibe choipa pamenepo.

NaBanda: Ine funso langa ndi lina. Pofunsa ngongole NaPhiri anati ndi ya belo la kaunjika. Zinalembedwa. Tomato walowa bwanji?

NaPhiri: Belo lake mumalidziwa mtengo inu? Chigwereni kwacha ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, belo lakwera mtengo kwambiri. Mavenda a kaunjika anachita kuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale 2025, mukuganiza ankasewera? Ndinapita ku Lilongwe ndi K300,000 yanuyo m'chiuno, ndinazungulira mashopu, ndinalowa mumsika wa Tsoka kufunsa anzanga. Ndalamayo sinkakwana belo labwino, ndipo lotchipa ukalitsegula theka ndi sanza zopukutira pansi. Ndikanagula dala kuti ndigwe nalo, kenako mudzanyamule malata anga? Ndinaona kuti zovala anthu akudikira, koma ndiwo sadikira. Ndinasintha. Ndipo kusinthako ndi kumene kwabweza K260,000 m'miyezi iwiri.

Mlembi: K257,000.

NaPhiri: K260,000 amlembi. Uthenga wa foni ndikadali nawo.

NaBanda: Sindikukana kuti geni ikuyenda. Koma munayenera kubwera kudzanena pagulu. Ndime 4.

NaPhiri: Ndinawauza apampando kutchalitchi.

Wapampando: Munandiuza tikutuluka, anthu ali piringupiringu. Kumeneko si kuuza gulu.

Amake Pilirani: Ndiye apampando mumadziwa! Ine mu Seputembala momwemo ndinapempha K150,000 yoti ndikapikule anyezi ndi tomato, munati bokosi lauma. Lauma chifukwa munapatsa munthu mmodzi K300,000 ya belo la bodza, iye n'kukagula tomato yemweyo n'kudzayala moyang'anana ndi benchi langa. Makasitomala anga a zaka zisanu ndi ziwiri, aphunzitsi aja, anamwino aja, onse ali kwa iye. Ndalama yanga ya masheya ndi imene yandithyola miyendo. Kenako muzindiuza kuti ndikhale chete.

NaPhiri: Makasitomala sindinawabe. Palibe amene ndinamukoka dzanja. Mphunzitsi akabwera pa 20 alibe ndalama, ine ndimatsegula kope, ndimalemba, amatenga, pakutha pa mwezi amatumiza pa Airtel Money yekha osamutsatira. Inu mumamuuza kuti ngongole inafa. M'mawa ndimajambula dengu n'kuika pa sitetasi ya WhatsApp, namwino ali pa ntchito amangolemba kuti wa K3,000 ndi anyezi, achimwene amakasiya pakhomo. Akapeza awiri ophwanyika mawa ndimabweza anayi. Mulu wanga pansi ndi pamwamba n'chimodzimodzi, sindibisa wowola kunsi. Basera ndimaika. Izi mwaletsedwa ndani kuchita?

Amake Pilirani: Ukunena kuti ine ndimabisa wowola? Iwe?

Agogo: Ndine mdzukulu wawo, agogo akuti ndilembe kuti mawu oti iwe asamveke pano, nonse ndinu azimayi a mabanja. Akutinso ngongole za aphunzitsizo ndi ndalama ya gulu imene ikugona m'nyumba za anthu amene gulu silikuwadziwa. Tsiku lina malipiro akadzachedwa kapena wina akadzasamutsidwa, adzalira ndani?

NaPhiri: Agogo, ndi ulemu wonse, sindikongoza aliyense. Woyamba ndimamuyesa ndi K2,000. Akabweza ndimakweza. Amene anandizemba ndi mmodzi, ndipo dzina lake ndinalidula. Ifenso pano si mmene timachitira? Chikole cha K300,000 ndinapereka chiyani ine, kupatula kuti mumandidziwa?

NaBanda: Pamenepo ndiye pali nkhani. Timakudziwani, n'chifukwa chake zikutiwawa kuti munalemba belo.

Amake Junior: Ine yanga K45,000 ndilibe nayo mawu, ndibweretsa. Koma za foni tinavomereza tokha mu Epulo kuti amene ali kutali azitumiza. Sitinanene nthawi. Sitinanenenso kuti yotapira alipira ndani. Ine mu Julaye ndinatumiza Lamlungu m'mawa ndipo sindinadulidwe kanthu.

Msungichuma: Yanu inali ya masheya, osati ngongole.

Amake Junior: Ndalama ndi ndalama amayi.

NaPhiri: Mwamva? Wina Lamlungu palibe mlandu, ine Loweruka lomwelo K28,000. Kapena chifukwa Amake Junior ndi mlamu wawo wa amsungichuma?

Msungichuma: Samalani pakamwa. Zaka zinayi ndasunga bokosi limeneli, mbala zinathyola zenera langa chifukwa cha ndalama zanu, simunandigulire ngakhale loko. Ndikatapa ndimayenda wapansi mpaka ku siteji, ejenti wina alibe ndalama, ndipite kwa wina. Ngati mwatopa nane tengani bokosi lanu Loweruka. Foni yanganso isalandirenso ndalama ya munthu.

Achimwene a Kabaza: Ayi amayi, tisabwerere m'mbuyo. Magulu anzathu ndalama akusunga pa foni ndi kubanki, bokosi langotsala la mabuku. Vuto ndi lakuti tikugwiritsa ntchito nambala ya munthu. Tigule layini ya gulu.

Wapampando: Layini ya gulu inakanidwa ndi inu nomwe. Munati nambala yachinsinsi asunga ndani.

Mlembi: Zili m'maminitsi a Epulo. Anakana anthu 11 mwa 18.

Amake Junior: 11 ake ati? Tsiku limenelo kunali maliro kwa a Gulupu, tinalipo anthu osakwana ndi 10 omwe.

Mlembi: Ndalemba zimene zili m'buku.

NaPhiri: Buku lomwelo.

Wapampando: NaPhiri, chindapusa cha K5,000 tikhoza kukambirana poti munali kumaliro, ngakhale maliro ake si a m'ndime 9. Zinazo sindingasinthe ndekha.

NaPhiri: Loweruka ndibweretsa K168,000, ndiika pamkeka, muwerenge. Ikakhala yochepa mudule ku masheya anga pogawana, koma mudule ndikuona, ndipo chaka cha mawa musandiwerengere.

Amake Pilirani: Muzipita. Mwina benchi langa lipumako.

NaBanda: Poti tayamba kufukula, ndalama ya nsalu za yunifolomu ija tinasonkha K4,000 aliyense mu Meyi ili kuti? Nsalu sitinaione.

Amake Junior: Ndi thumba la zadzidzidzi. Ine bambo a Junior atagonekedwa ndinalandira K10,000, ena analandira K15,000.

Wapampando: Za nsalu afunseni amene anatumidwa ku tauni.

NaBanda: Anatumidwa ndi NaPhiri ndi amlembi.

NaPhiri: Ndalama sindinagwire ine. Ine ndinangoperekeza.

NaBanda: Amlembi?

Achimwene a Kabaza: Nanga Loweruka tikumana kwa ndani, poti amsungichuma akuti bokosi lichoke kwawo?

NaBanda: Amlembi, ndikuona mwawerenga.