Thandizo la INAS kwa okalamba: azakhali alibe BI (chitupa cha unzika), tiyambire pati?

Abale a ku Angónia ndi Tsangano, ndithandizeni nzeru. Azakhali anga amakhala okha kumudzi kufupi ndi Ulongwe. Maso sakuonanso bwino, khasu anasiya, ndipo ana awo onse ali kutali.

Ndikufuna alembedwe pa PSSB, thandizo lija la ndalama limene boma la Mozambique limapereka kudzera ku INAS (bungwe la boma lothandiza ovutika) kwa okalamba, olumala ndi odwala matenda okhalitsa amene ali pa umphawi. Lamulo la 2014 loteteza okalamba limati wokalamba ndi wa zaka 60 kupita m'mwamba. Azakhali zaka zimenezo anazidutsa kalekale, aliyense wowaona sangatsutse, koma alibe BI ngakhale cédula (chikalata cha kubadwa). Anabwera opanda pepala lililonse pochokera ku Dedza, komwe anathawira nthawi ya nkhondo ija idatha mu 1992.

Ndiye kodi umboni wa amfumu kapena a secretário (mlembi wa dera) ungakwanire, kapena tiyambe kaye tawapezera BI? Nanga dzina timakalipereka kwa a permanente (othandizira INAS kumudzi) a m'dera lathu, kapena tipite tokha ku ofesi? Kuyenda sangathe, njinga yamoto amaiopa. Kodi ine mwana wa mchimwene wawo ndingaloledwe kumakawalandirira?

Amene munalembetsapo makolo anu, chonde ndiuzeni momwe munayendera.