Cattleya wanga wagwidwa ndi Fusarium kapena black rot?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Cattleya, duwa la mtundu wa orchid, ali mumphika wa makungwa a paini, masamba akuchita chikasu n'kukwinyika ngakhale amathiriridwa bwino. Nditadula tsinde loyanga pamwamba pa makungwa, mkati mwake mwaoneka mzere wapepo wozungulira. Chizindikiro chimenechi n'cha Fusarium, fangasi yotseka njira za madzi. Black rot, nthenda yowoletsa mbewu, ikanadetsa ndi kufewetsa mbewuyo m'masiku ochepa, koma apa zonse n'zouma gwa.

Kodi kudula mpaka pamene mzerewo watha, kuwotcha mpeni ndikangodula paliponse, ndi kutaya makungwa akale n'kokwanira? Mankhwala a metalaxyl amalimbana ndi Pythium ndi Phytophthora, tizilombo toyambitsa black rot, koma pa Fusarium n'kungotaya ndalama. Nanga mankhwala a thiophanate-methyl amathandizadi matenda akalowa mkati, ndipo mumaviika mbewuyo mphindi zingati?