Oyilo wa kandege kanga wasiya kutentha

Zikomo nonse amene munandiyankha za kandege kamene ndinalumikiza ndekha, koti oyilo wa injini yake ya Rotax 912 ankatentha ndikamakwera. Ndinatsatira achimwene aja amene anati ndiyambe ndayang'ana radiyeta ya oyilo, kachipangizo koziziritsa oyiloyo ndi mpweya, ndisanagule chilichonse. Nditatsegula ndinapeza mavu atamata dothi m'timipata take, mpweya osadutsa. Ndinachotsa ndi kaburashi. Loweruka ndinauluka mphindi 40, singano ya geji yoonetsa kutentha kwa oyilo osachoka pobiriwira posonyeza kuti zili bwino, mtima unakhala pansi.

Kuno ku Lilongwe tili pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndiye masana a Okutobala mpweya umapepuka, ndege imathamanga mtunda wautali isanadzuke. N'chifukwa chake ndimanyamuka 6 koloko m'mawa, kusanatenthe. Kuti mavu asalowenso, ndikaimika kandegeko ndimatseka polowera mpweya ndi siponji yomangirira kansalu kofiira, kuti ndisaiwale kuchotsa.