Supercharger ya centrifugal pa Hilux 4.0 V6: ingathandize pa chitunda cha Golomoti?

WaMpunga_Dedza

Moni nonse. Ndili ndi Hilux ya petulo, 4.0 V6, double cab, giya yake ndi otomatiki. Ntchito yanga ndi yogula mpunga ku Bwanje n'kukagulitsa ku Dedza ndi ku Lilongwe. Ndikasenza matumba 14 a makilogalamu 50 kumbuyo, ena pa kangolo, galimoto imavutika pokwera kuchokera ku Golomoti kupita ku Masasa. M'makona aja ukangochotsa phazi, kuti idzukenso ndi nkhondo, giya imangosinthasintha. Alamu anga ali ku Johannesburg andipezera supercharger (chopopera mpweya wambiri m'injini kuti iwonjezere mphamvu) ya mtundu wa centrifugal yogwiritsidwapo kale ntchito, pamodzi ndi bulaketi ndi lamba wake. Akuti ndiyankhe msanga. Amene mukuzidziwa zimenezi, kodi ndiyo mankhwala a vuto langali?

Makaniko_waBiwi

Achimwene, musatumize kaye ndalama. Chinthucho ndi chabwino, koma si cha ntchito yanuyo.

Centrifugal mkati mwake ili ngati turbo, kungoti siizunguliridwa ndi utsi wa ekizosi ayi, imakokedwa ndi lamba kuchokera ku crankshaft. Kachigudumu ka mapiko kali m'katimo kamayenera kuthamanga kwambiri kuti kakankhe mpweya wokwanira. Tsono apa ndi pamene pagona nkhani: ma rev akatsika ndi theka, boost (mphamvu ya mpweya umene ikukankhira m'injini) siitsika ndi theka, imatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ikamakupatsani 6 psi pa 5,500 rpm, pa 2,750 mupeza 1.5 psi basi. Inu mukamatuluka pa kona ndi katundu, singano ya ma rev ili pati? Ndikhulupirira ili pakati pa 2,000 ndi 3,000. Pamenepo makinawo amakhala akadya kale mphamvu ya injini kudzera pa lamba, koma asanabweze zambiri.

Injini yanuyo ndi 1GR-FE, imatulutsa 175 kW pa 5,200 rpm ndi 376 Nm pa 3,800. Chimene mukusowa ndi mphamvu yokokera pansipansi. Imeneyo imabwera ndi mtundu wa Roots kapena twin-screw, umene umapopa mpweya wofanana pa kuzungulira kulikonse, choncho boost imafika mukangoponda. A Toyota enieniwo, pamene ankagulitsa TRD HiLux ku Australia mu 2008, anaika ya Roots yopangidwa ndi Eaton pa injini yomweyi, ndipo inafika 225 kW ndi 453 Nm. Sanasankhe centrifugal.

Kabaza_V8

Ine ndisiyaneko pang'ono ndi a Makaniko. Centrifugal musainyoze. Siitenthetsa mpweya kwambiri ngati Roots, ndipo poti mphamvu yake imabwera pang'onopang'ono, giyabokosi ndi ma diff sizidzidzimuka. Pa otomatiki ukaponda mpaka pansi giya imatsika yokha, ma rev n'kukwera, boost n'kubwera. Kupitirira thiraki pa M1 kumakhala kosavuta. Ndiponso kumtunda kuno injini yopanda chopopera imataya pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse okwera. Dedza ili pamtunda wa mamita cha m'ma 1,600, ndiye werengani nokha zimene zimakuthawani mukamachoka kunsi kuja.

Makaniko_waBiwi

Zoona bwana, pa M1 sinditsutsa. Koma munthuyu akwere phiri lonse lija injini ikulira pa 4,500 ndi ngolo kumbuyo? Petulo wake ndi mmene akusowera muno?

Ndipo alamu awo atchula bulaketi ndi lamba zokha. Nanga intercooler, yoziziritsa mpweya usanalowe m'injini? Nanga ma injector akuluakulu, pampu ya mafuta, ndi munthu wodziwa kukonzanso mapulogalamu a kompyuta ya injini? Compression (kapanikizidwe ka mpweya m'silinda) ya injiniyi ndi 10 kwa 1, ndi yokwera kale. Mukaithira mpweya wotentha, mafuta n'kuchepa, petulo n'kukhala wa m'zigubu uja timagula pamsewu ma filling station akauma, imayamba kugogoda. Ndinatsegulapo injini yotero: pisitoni itadyeka m'mphepete, ma ring atathyoka, ma plug ali mbuu. Mwini wake anali atangoyenda nayo pang'ono.

MayiWaMaThiraki

Bambo a mpunga, funsani alamu anuwo zinthu ziwiri. Choyamba, inachotsedwa pa injini yanji? Bulaketi ya injini ina siikhala pa yanu, ndipo lamba akapendekeka pang'ono amangoduka. Chachiwiri, oyilo imatenga kuti? Zina zili ndi oyilo wakewake, monga Rotrex amene safuna wina aliyense koma wake, ndiye muzichita kuitanitsa kunja. Zina zimamwa wa injini, ndipo pamafunika kuboola sampu.

Kwa ine, ndalamayo muyambe mwaika cooler ya oyilo wa giyabokosi, mutsukitse radiyeta, musinthe ma plug ndi fyuluta. Pokwera muziika giya pa 3 kapena 2 ndi dzanja kuti isamasakesake yokha. Ngati ikukanikabe, Hilux ya dizilo 3.0 D-4D imapereka 343 Nm kuyambira ma rev otsika kwambiri, ndipo turbo yake ndi ya kufakitale.

WaMpunga_Dedza

Zikomo nonse. Ndawaimbira alamu, akuti inachoka pa V8 ndipo intercooler palibe. Ndawauza aisiye. A Makaniko, cooler ya giyabokosi ija mumaika kutsogolo kwa radiyeta kapena pambali? Loweruka ndibwera ku Lilongwe ndi mpunga, ndingadzere ku Biwi kuti muione.