Ma conrod opepuka a injini ya VW Beetle ya 1915cc: ndigule ati?

Mwale (Kalingalinga): Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Beetle ya kasitomala pagalaja, injini ya 1600cc. Akufuna ikwere ifike 1915cc, ndiye ndaitanitsa mapisitoni a 94mm, crank ikhala yomweyo ya 69mm. Mwiniwake waona ma conrod (ma rod olumikiza pisitoni ndi crank) a aluminiyamu pa intaneti, akuti ndi opepuka, akufuna omwewo basi.

A Phiri (Matero): Galimotoyo aziyenda nayo kuti?

Mwale: Mtauni muno mu Lusaka, nthawi zina kumudzi ku Katete.

A Phiri: Ndiye za aluminiyamu aiwale. Amenewo ndi a mpikisano wa kamtunda kochepa, kumene injini amaimasula pafupipafupi. Aluminiyamu amatopa, tsiku lina adzaduka osachenjeza, mwina pa zitunda za ku Luangwa, case (chibokosi cha injini momwe mumakhala crank) n'kubooka. Mwana wanga, ma rod a VW enieniwo si ofooka ayi. Ndi achitsulo chosula, 137mm kutalika, pini ya 22mm. Pa crank ya 69mm amakwana bwinobwino.

Tembo (Chawama): A Phiri, pamenepo nditsutsako pang'ono. Ma rod akale aja agwira ntchito zaka zingati? Ku fakitale ya VW ya ku Uitenhage, ku South Africa, anasiya kupanga Beetle mu 1979. Ine ndimaika ma rod a H-beam (oumbidwa ngati chilembo H) a chitsulo cholimba cha 4340, otalika 5.4 inchi, ndi mabawuti a kampani ya ARP, n'kugona tulo.

A Phiri: Sindikukana, a Tembo. Koma mwanena nokha: mabawuti. Kuwonongeka kwa rod kawirikawiri kumayambira pa bawuti kapena pa bearing yosowa oyilo. Ndipo musamunamize mnyamatayu kuti H-beam ndi yopepuka kwambiri, ena ukawaika pasikelo sasiyana kwenikweni ndi akale. Chimene ukugula pamenepo ndi kulimba.

Zulu (Chilenje): Ine ndinalumidwapo chala. Chaka chatha ndinagula seti yotchipa kwa munthu wina, yowala ngati siliva. Nditafika kunyumba ndinabwereka kasikelo ka mayi a ana kamene amayezera fulawa wa makeke. Atatu anali pafupipafupi, wachinayi analemera kuposa anzake ndi magalamu 9. Nditamanga kapu ya rod (chivundikiro cha kumutu waukulu) n'kuyeza bowo lalikulu, linali ngati dzira. Wogulitsa foni anasiya kuyankha. Mpaka lero ali pa shelefu, ndimapsinjira ma job card kuti asauluke ndi mphepo.

Mwale: Kodi magalamu 9 ndi ambiri choncho?

Zulu: Buku la VW limalola kusiyana mpaka magalamu 10 pa injini wamba. Koma iwe ukufuna izizungulira kwambiri, ndiye asasiyane kupitirira galamu imodzi. Usangoyeza rod yonse, yeza mutu waukulu paokha, waung'ono paokha, mbali inayo utaipachika. Mapisitoni ndi mapini akenso chimodzimodzi.

A Phiri: Palinso china chimene nonse mwachilumpha. Crank ya fakitale ilibe ma counterweight, zitsulo zolemera zothandiza kuti izizungulira molingana. Ukaipitiriza 5,000 rpm imapindika, n'kumadya case pa main bearing yapakati. Ungaike rod yodula bwanji, case idzatha ndithu. Ndalama za aluminiyamuzo agulire crank ya counterweight ya 69mm, kenako crank, flywheel ndi pressure plate zipite pamodzi ku balancing.

Tembo: Apo tagwirizana. Ndipo Mwale, asakunyenge ndi ma rod a 5.5 inchi. Amenewo ndi a crank zazitali ngati 82mm. Ukawaika apa injini ifutukuka, uyamba kusaka ma shim ndi ma pushrod ena, malata oziziritsira injini osakhalanso bwino. Ndi dzuwa la mu Okutobala, mpata uliwonse pa malatawo ndiye kuti mutu wa injini (cylinder head) upsa.

Mwale: Ndamva. Akale ndiwatumiza akawaone ngati ali ndi ming'alu ndi kuyeza mabowo. Akalephera ndiitanitsa H-beam ku Johannesburg.

A Phiri: Akapambana, uikemo mabawuti atsopano ndi ma bush atsopano. Pomanga, kachotupa ka pa rod kayang'ane kumwamba, onse anayi.

Mwale: A Zulu, kasikelo kaja mayi angandibwereke Loweruka?

Zulu: Ubwere ndi batire lako, ndipo upukute oyilo asanaone.