Thandizeni nzeru: mkombaphala ya ana othawa nkhondo pamene ana akusinthasintha

Akuluakulu ndi anzanga amene mumasamalira ana m'misasa ya anthu othawa kwawo, ndikupempha nzeru zanu pa sukulu za mkombaphala kumalo kumene nkhondo ikadali mkati.

Dongosolo lofala n'lakuti ana a zaka 3 mpaka 5 amakhala m'tenti maola awiri kapena atatu, gulu lina m'mawa lina masana, ndipo bokosi limodzi la zoseweretsa la UNICEF limakwanira ana 50. Ndondomeko ya tsiku siyenera kusintha: moni, nyimbo, masewera, kusamba m'manja, nthano, kutsanzikana. Mwana woti waona zoopsa mtima umakhala m'malo akamadziwa chimene chikubwera.

Koma mabanja amasamuka mwadzidzidzi, moti gulu la Lolemba pofika Lachisanu ambiri ndi achilendo. Watsopano amakakamira amayi ake, wina sayankhula n'komwe, ndipo kukangomveka mfuti kapena ndege onse amabalalika akulira. Kodi amayi mumawalola kukhala nawo m'tenti masiku angati? Ndikuona ngati sabata imodzi ndi yabwino, kungoti tenti imadzaza msanga ndipo ana amasiye amayamba kudzimva kuti ali okha, zomwe zimandiwawa kwambiri.

Nanga zinenero zikakhala zitatu, mumagawa ana potengera chinenero kapena msinkhu? Chinenero chimathandiza kuti amve, koma ndikuopa kuti tingakulitse udani umene akuluakulu abwera nawo.

Chinanso ndi kaundula. Mumalemba bwanji amene ali ndi chilolezo chodzatenga mwana, kuti pa chipwirikiti asasiyane ndi abale ake, koma mainawo asagwere m'manja mwa adani?